Tikuimbirani

Kunyumba ankamutchula Chete, ngakhale anali munthu wamkulu ndithu. Adokotala anati ali ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa otizimu. Achemwali ake, amene ankakhala naye, ankangoti, "Ameneyu mutu wake uli ndi kanjira kakekake."

Chete ankakonda kusita. Nthunzi ikamakwera pansalu, ankaona ngati mitambo ikubadwira m'manja mwake, phokoso lonse la dziko n'kupita kutali. Choncho hotela ina itafuna munthu wa kochapira, achemwali anamubwereka bulauzi yoyera n'kumulangiza kuti, "Uziwayang'ana m'maso, wamva? Thupilo osamagwedeza."

Tsiku la mafunso, muofesi ya hotelayo munali abwana ndi mayi wina wolemba anthu ntchito. Chete anayesa kuwayang'ana abwanawo m'maso, koma zinali ngati kuyang'ana dzuwa. Getsi la kudenga linkalira ngati udzudzu. Maso ake anathawira pawindo, pamene tifumbi tinkayandama m'kuwala, kukwera, kutsika, topanda kothamangira.

"Mumatha kugwira ntchito ndi anzanu?" anafunsa abwana.

"Ngati sakukuwa, eya."

"Nanga mwasankhiranji hotela yathu ino?"

"Ili pafupi ndi kwathu. Komanso muli ndi mashiti ambiri."

Abwana ndi mayi uja anayang'anizana.

"Chabwino," anatero abwana. "Tikuimbirani."

Chete anayamba kudikira. Foni ankapita nayo ndi kubafa komwe. Masana akakhala pakhonde, ankadziona akuyenda pakati pa mashiti oyanikidwa, oyera mbee, mphepo ikuwatukumula ngati akupuma, iye akuwapatula ndi manja, mzere wake wosatha.

Tsiku lina amuna a achemwali ake anamumvera chisoni. "Alamu, foniyo ipumitseni. 'Tikuimbirani' ndi 'ayi' wovala tayi."

Chete sanaseke. Anavala nsapato n'kubwerera kuhotela kuja. Mayi uja anamupeza m'kanjira kopita kuofesi, atanyamula kapu ya tiyi.

"Munati mundiimbira," anatero Chete.

Mayiyo anaweramitsa nkhope. "Anatenga wina, achemwali. Abwana akuti simungamvane ndi anzanu."

"Anzangawo sindinawaone. Simbi simunandipatse."

"Zoona," anayankha mayiyo chapansipansi. "Sitinakupatseni."

Tiyi uja ankazizira m'kapu. Kenako mayiyo anati iye alibe mphamvu yosintha zimene abwana agamula, koma pakhomo lina lililonse Chete azipempha kuti amuyese kaye ntchito, mafunso pambuyo.

"Zimaloledwa?"

"Kupempha sikuba."

Kunja kunkawaza kamvula, dzuwa likuwalabe. Chete anayenda pang'onopang'ono, akubwereza mawuwo m'kamwa kuti asamuthawe. Atafika kunyumba anapeza achemwali ake akuanula zovala mothamanga.

"Andikana," anawauza. "Ndamva ndi makutu angawa."

Achemwali anaima, malaya ali paphewa. "Pepa, m'bale wanga."

"Bulauzi ija musaitenge kaye. Mawa mundiperekeze kochapira kwa kuseri kwa msika. Koma poyankhula ndiyamba ine."