Amayi Aja Ndi Ati?

Mwamuna wanga atamwalira, ndinasamukira m'kanyumba ka zipinda ziwiri pamodzi ndi apongozi anga, amayi ake a malemuyo. Iwo sankadzukanso pabedi. Tsiku ndi tsiku pempho lawo linali limodzi: "Mwana wanga, ndisafe ndisanalandire mgonero."

Ndinayamba kupemphera patchalitchi cha kuseri kwa msika. Lamulungu lililonse mlembi ankaimirira ndi pepala lake n'kuwerenga kuti, "Amene muli ndi odwala kunyumba, muonane ndi amayi aja, pamalo paja, nthawi yomwe ija."

Amayi ati? Malo ati? Anthu onse ankangogwedeza mitu ngati amva. Ndinachita manyazi milungu itatu. Wachinayi manyazi anatha, ndinayamba kufunsa.

Mayi wa pabenchi langa anati ndi akazi a abusa. Woimba ng'oma anati, "Ayi, ndi amayi a magalasi aja." Ndinayang'ana: a magalasi analipo asanu. Bambo wina amene wapemphera pamenepo zaka khumi ndi ziwiri anandinong'oneza kuti, "Inenso sindiwadziwa, mayi. Ndimangogwedeza."

Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwira. Anesi a nyumba yoyandikana nafe anandipeza ndikuyanika zofunda za apongozi, ndipo ndinawakhuthulira zonse.

"Ife kuchipatala tikapereka mankhwala, timauza wodwala kuti abwereze zimene tanena," anatero anesiwo. "Akalephera, olakwa ndife. Musafunsenso pabenchi, amayi. Kafunseni mwini pepala."

Lolemba ndinamupeza mlembi m'kachipinda kake kodzaza mipando yothyoka.

"Bambo mlembi, amayi aja ndi ati?"

"Aa, aliyense amawadziwa."

"Ine si munthu? Apongozi anga akutha pabedi, inu mukundiuza za aliyense. Tchulani dzina."

Anatulutsa pepala lija, koma dzina panalibe. Linali lofiirira ndi kukalamba, lothetheka m'mbali. Anati analilandira kwa mlembi wakale. Anaimbira foni abusa ine ndili pomwepo, ndipo nkhope yake inagwa. Abusa anati amayi oyendera odwalawo anasamuka chaka chatha, ndipo palibe amene analowa m'malo mwawo. Chaka chathunthu mpingo wonse ukutumizidwa kwa munthu woti kulibe!

"Nanga bwanji palibe anadandaula?" anafunsa mlembi.

"Mlendo amaopa kuoneka wopusa. Wakale amaopa kuposa pamenepo," ndinamuyankha. Kenako ndinamuuza za anesi aja.

Lamulungu lotsatira pepala linali latsopano. Mlembi anatchula dzina la amayi ena osoka zovala, n'kuwapempha kuti aimirire tiwaone nkhope. Anati azipezeka pakhomo lakumanzere mapemphero akangotha. Kenako analoza mlendo wina kuti abwereze, mlendoyo n'kubwereza bwinobwino. Zomwezo anazilemba pabolodi pakhomo, ndi nambala ya foni.

Titatuluka, pakhomo lakumanzere ndinapeza anthu asanu ndi awiri. Onsewo anali ndi odwala kunyumba, onsewo anali chete chaka chonse.

Lachinayi abusa anafika kwathu ndi amayi osoka aja. Apongozi analandira mgonero atatsamira paphewa langa, kenako anandilamula kuti nditsegule zenera anthu amve akuimba.

Inu oyendetsa mipingo, ndimvereni. Mukamalengeza, nenani kuti ndani, kuti, liti, ndipo munthuyo aimirire. Lengezani ngati aliyense wabwera lero. Ndipo iwe amene sunamve, funsa. Wodwala wako alibe milungu itatu yoti uzichitira manyazi.