Tsiku Limene Tuba Inakana Mpweya

Zaka makumi atatu a Mabingu akhala akusenza tuba kumbuyo kwa bandi, chilipenga chachikulu chija chimene munthu amachikumbatira ngati mlamu woledzera wokana kuyenda. Anzawo a timalipenga ting'onoting'ono ankaimba nyimbo, akazi n'kumawaponyera maso. Iwo ntchito yawo inali "bu, bu", msana ukulira.

Lachiwiri anachitsuka m'bafa, anazula mavalavu atatu odina ndi zala aja, kuwathira mafuta, n'kuwabwezera. Atauzira, zii. Anauziranso mpaka maso psuu. Chimene chinatuluka ndi kaphokoso kochititsa manyazi, moti akazi awo anakatsegula zenera.

"Chifuwa chatha, mayi," anatero a Mabingu.

Anakhala pampando kudikira chisoni, koma chisoni osabwera. Loweruka kunali perete wa makilomita sikisi, dzuwa lili pamutu. Aka kanali koyamba kuona kuti angathe kutsala pakhomo popanda wowanena kuti athawa.

Mkulu wa bandi sanavomere msanga. "Ngati ndi chifuwa, mupuma. Koma mmisiri ayambe waona chilipengacho, andiuze yekha."

M'shopu ya mmisiri munkanunkha mafuta ndi mkuwa. Pakhoma panapachikidwa chinthu chakuda chokhotakhota.

"Nanga njoka iyi, amisiri?"

"Agogo ake a chanucho. Mtengo wokuta ndi chikopa, mabowo otseka ndi zala. Kenako kunabwera china chamkuwa cha mabatani ambirimbiri. Atatulukira mavalavu, zonsezo zinapumitsidwa."

"Zinapuma," anatero a Mabingu, akuyang'ana njokayo mwansanje.

Mmisiri anamasula mavalavu, kuwasuzumira, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Achikulire, magalasi munaasiya kuti? Valavu iliyonse ili ndi nambala yake. Yoyamba mwailowetsa m'nyumba ya yachitatu. Ndiye mpweya udutsa pati?"

Anasinthanitsa mavalavuwo, n'kuwapatsira chilipengacho. A Mabingu anangouzira pang'ono, mwaulesi, koma mawu anatuluka onenepa, zitini za pashelefu n'kunjenjemera.

"Chifuwa cha ng'ombe ichi! Zaka khumi zina mulipo, mdala."

A Mabingu anachiyang'ana chilipengacho nthawi yaitali. Phewa lakumanzere linali litayamba kale kuwawa, Loweruka lisanafike n'komwe.

"Amisiri, alipo wina wamva?"

"Ine ndi makoswe."

"Ndiye abwana akafunsa, muwauze kuti chilipenga chili bwinobwino. Zachifuwazo musatchule, ndikanena ndekha."

Mmisiri anapukuta manja pa ovolosi, kuwayang'ana kuyambira ku nsapato zopindika mpaka ku imvi.

"Ine ndimakonza mkuwa, achikulire. Za anthu sindinaphunzire."

A Mabingu anachisiya pabenchi, n'kutuluka. Pamsewu manja awo anasowa chochita, mpaka anangowapisa m'thumba.