Mawu a Pansi pa Chithunzi cha Bambo

Bambo atamwalira, ine ndi bambo aang'ono tinapita kokasindikizitsa mapulogalamu a maliro. Mayi wa pakompyuta anaika chithunzi pakati pa tsamba n'kufunsa mawu oti alembe pansi pake.

"Lembani kuti pensive," ndinatero.

Bambo aang'ono anaseka monyodola. "Apulofesa ayambapo. Koleji inakukanika chaka chachiwiri, lero ukufuna uimalizire pamaliro a mkulu wanga?"

"Koleji ndinaisiya kuti ndiziwatembenuza bambo pabedi akudwala. Inu munabwera kawiri."

"Mayi, musamumvere. Lembani kuti anali munthu wansangala."

"Nsangala ziti? Si inu munkawatcha a Ndwii?"

Bambo anali telala. Munthu akabweretsa nsalu, ankaiyala patebulo, tepi ili m'khosi, n'kumangoiyang'ana osayankhula. Makasitomala ena ankanyamula nsalu zawo poganiza kuti akwiyiridwa. Koma bambo sankagwira sizasi asanalione diresi lonse m'mutu. Amayi atatisiya, bambo anayamba kuyang'ana choncho ngakhale khoma.

Mawu achizungu aja ndinawapeza kukoleji. Nditabwera kutchuthi ndinawauza bambo kuti mawuwo akunena iwowo.

"Ndi chipongwe?" anandifunsa.

"Ayi. Ndi munthu amene wakhala chete chifukwa akuganiza mozama, mumtima muli kachisoni pang'ono."

Anandipatsa choko chawo kuti ndilembe pachivundikiro cha makina osokera. Sanafufute.

Mayi wa pakompyuta ankadikira, zala zili m'malere.

"Anthu aziyesa ndi dzina la matenda amene anawapha," anatero bambo aang'ono. "Ukufuna kutichititsa manyazi kumanda."

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha chivundikiro chija. Pamwamba panali zilembo zanga. Pansi pake bambo anakoperapo katatu, mzere womaliza uli wokhota chifukwa dzanja linali litayamba kunjenjemera.

Bambo aang'ono analandira foniyo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa mzere wokhotawo. Atakhala chete choncho anafanana kwambiri ndi mkulu wawo, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima.

"Tanthauzo lake ndi zimene mukuchitazo," ndinatero.

"Usandiphunzitse za mkulu wanga, mwana wopanda mwambo iwe." Anaponya foni patebulo n'kutuluka, chitseko anachimenyetsa.

"Ndiye nditani?" anafunsa mayi uja.

Ndinasuzumira pazenera. Bambo aang'ono anali ataima pakhonde, atatifulatira, koma sanabwerere kudzatiletsa.

Ndinayamba kumutchulira mayi uja zilembo za pensive chimodzichimodzi.