Kabokosi ka Tinyanga Tinayi

Wogulitsa anali atayala kale timabokosi titatu ta wayifayi pa kauntala pamene Akalaliki anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. Akazi awo anaima kumbuyo kwawo, chikwama chili m'khwapa, maso ali kukhomo ngati munthu amene wangoperekeza.

Dzina loti Akalaliki analitenga ku ntchito ya mu ofesi imene inatha kampani itatsekedwa. Atachoka kumeneko anatsegula kashopu ka makompyuta pa mdadada wa masitolo, pakati pa wometa ndi mayi wogulitsa nsapato. Zaka zoyambirira anthu ankachita kudikirira mpando. Kenako mafoni anadzaza m'matumba mwa anthu, makompyuta aja n'kuyamba kugona tsiku lonse atafunda nsalu. Chimene chinkalirabe m'shopumo ndi makina a fotokope basi. Ndiye Akalaliki anagulitsa makompyuta awiri kuti aike wayifayi, anthu azibwera ndi mafoni awo omwewo, azikhala pampando n'kumalipira nthawi.

Wogulitsayo, bambo wonenepa wolankhula mosathamanga, anafotokoza kamodzikamodzi. Kakang'onoko anati n'ka m'nyumba, mafoni akachuluka kamayamba wefuwefu. Kachiwiri kanali koyera, kozungulira ngati mbale, kokhomera kudenga. Kamasenza anthu ambiri, ndipo kasitomala aliyense kamampatsa nambala yakeyake yachinsinsi imene imafa nthawi yake ikatha. Koma kamafuna mmisiri ndi chingwe chapadera. Kachitatu kanali kakuda, ka tinyanga tinayi. Ukangokalumikiza kamayamba ntchito, mphamvu yake imaoloka ngakhale msewu, koma nambala yachinsinsi ndi imodzi ya aliyense.

Akalaliki anamva zonse bwinobwino. Anadziwanso kuti kuitana mmisiri ndiye kugulitsa kompyuta yachitatu, ndipo mtima wawo sunalole. Dzanja lawo linapita pa katinyanga.

"Bambo a mwana, shopu yathu munthu akayetsemula pakhomo malovu amafika kukhoma la kumbuyo," anatero akazi awo. "Kutsidya kwa msewuko tikukafunako chiyani?"

"Wodutsa aziona dzina la shopu pafoni pake. Ndiko kuitana malonda masiku ano. Komanso ng'ombe yopanda nyanga ndani amaipatsa njira?"

Wogulitsa anaseka. Mayiwo sanaseke, koma ndi iwo amene ananyamula katoniyo pamiyendo m'basi, ataigwira ndi manja awiri.

Masiku oyamba zinaoneka ngati zatheka. Kabokosi kanakhala pamwamba pa shelefu, timagetsi take tobiriwira tikuphethira. Mipando inadzaza. Kunabwera mphunzitsi wina wamkazi amene ankachita maphunziro a pa intaneti, n'kusankha kona yake imene ankakhalapo akaweruka. Akalaliki anayambanso kumanga tayi. Madzulo akafika kunyumba ankafotokoza za makasitomala mpaka chakudya kuzizira, ndipo akazi awo ankangogwedeza mutu, nkhope itamasuka pang'ono.

Kenako mipando inayamba kusowa okhalapo, koma timagetsi tija tikuphethira mwaliwiro kuposa kale. Tsiku lina masana Akalaliki anatuluka kukataya mapepala, n'kuona benchi ya wometa itadzaza thothotho. Ena anali atakhala pa njerwa, ena atatsamira khoma la mayi wansapato, onse mitu ili pansi, zala zikuyenda pa mafoni. Mmodzi ankalowa, kulipira, kulandira nambala, n'kutuluka kukainong'oneza kwa anzake. Amene wanong'onezedwayo nayenso anali ndi anzake.

Akalaliki anayamba kusintha nambala m'mawa uliwonse. Pofika masana inkakhala itazungulira mdadada wonse. Atayesa kusinthanso masana, amene analipira m'mawa ankadulidwa ali pakati pa ntchito, n'kuyamba kukangana nawo. Anagoneka tinyanga tija, anachepetsa mphamvu monga linanenera kabuku ka m'katoni, koma khoma la pakati pa iwo ndi wometa linali la matabwa, silikanatha kutsekereza kanthu.

Anapita kukadandaula kwa wometayo. Anampeza akusesa tsitsi, ndipo anawalandira mwaulemu monga mwa masiku onse. Iye anati anthuwo sanawaitane, komanso sangawathamangitse chifukwa wina akakhalitsa pabenchipo amakumbukira kuti mutu wakula.

"Achimwene, walira mvula walira matope," anatero wometa uja. "Inu munafuna kuti mumveke mpaka kumsewu. Mwamveka."

Akalaliki anasekako pang'ono kuti asaoneke okwiya, n'kubwerera m'shopu mwawo.

Mphunzitsi uja anapirira kwa kanthawi. Phunziro lake linkangoduka, nkhope ya womuphunzitsa n'kuuma pagalasi kukamwa kuli yasa. Tsiku lina analongedza zinthu zake, anapepesa, n'kunena kuti mayeso ayandikira ndipo sangadikire chinthu choyenda ngati bilimankhwe. Sanabwerenso. Mwezi usanafike pakati, bandulo imene Akalaliki anagula kuti iwafikitse kumapeto inatha. Timagetsi tinkayakabe, koma m'katimo munalibe kanthu. Benchi ya wometa inaphwa tsiku lomwelo. Mmodzi mwa anthu aja anasuzumira pakhomo n'kufunsa, mopanda manyazi, kuti zibwerera liti.

M'mawa mwake Akalaliki anabwezera kabokosi m'katoni mwake, anamata bwinobwino, nasiya akazi awo m'shopu. Kusitolo kuja anapempha kuti awasinthire ndi kambale koyera kaja. Kompyuta yachitatu anali atalolera kuti ipite. Wogulitsa anakana. Anati katundu wotsegulidwa sabwerera, lamulolo si lake. Koma atawayang'ana, tayi ili m'khosi, thukuta likutsika m'mbali mwa makutu, anawakokera mpando.

"Bambo, ndikanatha kukugulitsani kambaleko lero lomwe, ndiyo ntchito yanga. Koma ndagulitsapo kwa anzanu a mashopu ngati yanuyo. Kanagwira ntchito bwino, palibe ankaba. Kungoti palibenso ankalowa."

"Nanga anthu onse aja a pabenchi?"

"Amabwerera chaulere. Wofuna kulipira amagula bandulo pafoni pake ali chigonere kunyumba."

Akalaliki anafunsa kuti anzawowo akutani tsopano. Wogulitsa anati wina anasandutsa shopu kukhala mogulitsira makala, za enawo sakudziwa.

Anabwerera wapansi ngakhale kunali kotalika, katoni ili m'khwapa. Anadutsa pa siteji, pa chipatala chaching'ono, pa mzere wa okonza nsapato, ndipo paliponse anthu anali ataweramira mafoni. Kale ankaona zimenezi n'kumati onsewa ndi makasitomala awo amene sanadziwe njira. Tsiku limenelo anangowalambalala.

Anapeza akazi awo atakhala pampando wawo, akupinda mapepala owonongeka. Mayiwo anayang'ana katoniyo n'kuizindikira. Anati chichokereni chawo kwabwera munthu mmodzi yekha, wofuna fotokope ya chiphaso. Kenako anatchula za mchimwene wawo.

Mlamu wa Akalalikiyu anali ndi sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo kwa zaka ankanena kuti malo alipo ku nyumba yosungiramo katundu. Akalaliki ankakana. Ndi iwo amene anamphunzitsa munthuyo kulemba kalata yofunsira ntchito ali wachinyamata, ndipo chilemerereni mlamuyo ankakonda kuwatchula kuti "bwana wa makompyuta" pamaso pa anthu, uku akuwasisita paphewa.

"Sindikukukakamizani," anatero mayiwo. "Koma kunyada sikuphikika, bambo a mwana. Ine ndayesa kukutereka pamoto, sikupsa."

Akalaliki anaika katoni pansi pa tebulo. Anayang'ana makompyuta otsalawo, shelefu imene anakhoma ndi manja awo, ndi mitengo ya ntchito imene analemba pakhoma ndi utoto wabuluu shopu ikutsegulidwa. Kuseri kwa matabwa makina ometera ankalira, wometa akuseka ndi kasitomala. Anapempha akazi awo kuti awabwereke foni, popeza yawo inalibe mayunitsi.

Mlamu anayankha mwansangala. Anati malo olemba katundu anapatsa kale munthu wina, sakanadikira mpaka kalekale. Otsala ndi a pabwalo, pokweza ndi kutsitsa.

"Koma msana wa mu ofesiwo ungasenze simenti, alamu?"

Akalaliki anayang'ana akazi awo. Mayiwo anali atatembenukira kukhoma, akupukuta makina a fotokope amene analibe fumbi.

"Usenza," anatero.

Mlamu anawauza kuti afike Lolemba m'mawa, avale zovala zoti sangazidandaule. Akalaliki anathokoza kawiri, anabweza foni, n'kupita kwa mayi wansapato kukafunsa ngati akufunabe shopu yawoyo kuti ikhale malo owonjezera.