Koleji ya a Ackson

Januario anabwera ku Kabudula kuchokera ku Angonia, m'dziko la Mozambique, kudzalima fodya pa esiteti ina. Fodya sanamupindulire, koma anapezako Naomi, ndipo posakhalitsa anali mkamwini pamudzi pa eni ake. Zimenezi zinkamuwawa kwambiri. Kwawo kwa Angoni mkazi ndiye amatsata mwamuna, osati mwamuna kumadzutsidwa ndi tambala wa apongozi. Mtima wake unali pa chinthu chimodzi: aphunzire ntchito yamanja, apemphe chitengwa, amutenge Naomi akakhale paokha ku Njewa, kufupi ndi tauni.

Anayendadi kufunsa za sukulu mpaka zidendene kung'aluka. Yotsika mtengo inkafuna satifiketi ya Fomu 4, pamene mapepala ake anali a Chipwitikizi, othera panjiranso. Makoleji ena ankalandira aliyense wopuma mpweya, bola thumba, ndipo la Januario linali lobooka. A Rashidi, telala wa pakhonde la sitolo ku Nsaru, anamulandira ndi manja awiri, n'kumuuza kuti abwere ndi makina ake.

Apa m'pamene a Ackson, malume ake a Naomi, anamumvera chisoni. Iwowa anali mmisiri womanga nyumba, koma msana unawalanda ntchito.

"Akamwini, mukuvutikiranji?" anatero a Ackson. "Koleji ili pakhomo pano. Fizi palibe, yunifolomu palibe, nkhomaliro ndi yaulere."

Phunziro loyamba linali kuumba njerwa ndi kuziwotcha. Lachiwiri linali chimbudzi cha a Ackson. Kenako khitchini la apongozi, khola la mbuzi, ndi sitolo ya mlamu wina amene ngakhale moni sankapereka. Koleji imeneyi inalibe holide. Mphunzitsi ankakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, ndipo khoma likapendekeka pang'ono ankanyamuka n'kuligwetsa ndi phazi, msana utachira mwadzidzidzi. Komabe tisawanamizire, ankaphunzitsa. Januario anadziwa chingwe, levulo ndi ngodya, mpaka a masitolo ku Nsaru anayamba kumuitana maganyu.

"Tsono mayeso omaliza," anatero a Ackson tsiku lina. "Ku Njewa adzakufunsani kuti munamangapo chiyani. Mudzawaonetsa khola la mbuzi, eti? Mangani nyumba yanu."

Januario anaikapo mtima wonse, ndi zonse za kumaganyu. Pansi simenti, pamwamba malata, mawindo agalasi, khonde lozungulira. Anthu ankatsika panjinga kuti aione bwino. Mudzi wonse unkadziwa kuti mkamwini wofuna kuchoka samanga zotere pamalo a akuchikazi, koma panalibe amene anatsokomola n'komwe. Amangoti, "Koma ndiye muli ndi dzanja, akamwini!" Iye n'kumamwetulira, osazindikira kanthu.

Nyumba itatha anapita kwa a Ackson, nagwada, napempha chitengwa. Ankayembekezera mkangano wa miyezi.

"Mutengeni," anayankha a Ackson akusenda mtedza. "Ndi mkazi wanu. Ife tikanirenji?"

Januario anathamanga ngati mwana. Anapeza Naomi atagwada pabalaza, akupaka polishi wofiira pasimenti.

"Alola, amayi! Yambani kulongedza. Tikupita ku Njewa."

Naomi anafinya kansanza kake, n'kumuyang'ana modabwa.

"Ku Njewa kukatani kodi, bambo? Kukachita lendi kachipinda kodontha, kumaima pamzere wa chimbudzi? Ndiye muno alowemo ndani, mng'ono wanga Brenda?"

"Koma tinagwirizana kalekale."

"Nthawi imeneyo tinkagona m'kanyumba kaudzu. Inu pitani muzikamanga kumeneko, Loweruka muzibwera. Ine muno sindituluka ayi. Nyumba anandimangira amuna anga imeneyi, ndipo ndimanyadira."

Ananena ndi chikondi chenicheni, ndipo chimenecho n'chomwe chinamulasa Januario mumtima. Anatuluka, nazungulira nyumba yonse pang'onopang'ono, akugogoda makoma ndi chibakera, kufunafuna mng'alu ngakhale umodzi woti akamuopseze nawo Naomi kuti mvula ikadzabwera nyumbayo idzagwa.

Sanaupeze. Mayeso aja anali atakhoza.