Ulusi Ukutha M'thumba

Munthu amene sanakhalepo nyumba imodzi ndi mwamuna wosiya fodya asandiuze za mavuto. Amuna anga anayamba kusuta tisanakwatirane, moti ku galaji kumene amakonza magalimoto palibe amene amawatchula dzina lenileni. Onse amangoti a Chumuni. Ana athu omwe, akakhala kuseri, amatero.

Ndiye chaka chino, masamba a mtengo wa pakhomo atangoyamba kufiira, mwendo wawo wakumanzere unayamba kuvuta. Akayenda pang'ono, kuima. Phazi lozizira ngati botolo la m'firiji, zala zikuchita kuda. Adokotala sanazungulire. Anati mtsempha watsekeka, magazi sakufika kuphazi, pakufunika opaleshoni mwezi wamawa.

"Koma mukapitiriza kusuta, bambo, opaleshoniyo n'kutaya nthawi," anatero. "Mtsempha udzatsekekanso, ndipo chotsatira n'kudula phazi."

Anatinso tsiku lokagonekedwa adzawauza kuti apumire m'kamakina kena kamene kamaulula munthu wosuta. Kakaulula, basi, abwerera kunyumba osapangidwa opaleshoni.

Kuntchito anawapatsa tchuthi, ndipo apa ndi pamene chilango changa chinayambira. Munthu woti manja ake anazolowera sipanala kuyambira m'mawa, lero wangokhala pakhomo, ndudu palibe, chibaba chili pakhosi. Kutsegula firiji, kutseka. Kuyatsa wailesi, kuzimitsa. Kupita pawindo, kubwerera. Anamasula chitseko cha kabati chomwe chinalibe vuto lililonse n'kuchibwezera chopendekeka. Akasesa masamba pakhonde, mphepo n'kugwetsa ena, ankatukwana mtengo. Inde, mtengo! Tsiku lina ndinawapeza akununkhiza thumba la jekete lawo lakale, maso atatsinzina. Chifundo chinandigwira, koma kunena zoona ndinkafunanso kuwaponyera poto.

Kunja kutayamba kuzizira ndinakwera pampando kuti nditsitse mabulangete pamwamba pa wadirobu. Kuseri kwake kunali thumba langa lakale. Ine ndinaluka majuzi a ana asukulu zaka zambiri, mpaka maso atayamba kutopa, ndipo juzi iliyonse imasiya kotsala. Thumba linali lodzaza ndi timipira ta ulusi, tina ngati dzira, tina ngati chala chachikulu, mitundu yosagwirizana. Palibe kamene kakanakwana chovala. Ndinangoti ndiluke kansalu kogwirira poto, poti kakale kanapsa.

Amuna anga anabwera n'kuima kumbuyo kwanga, mpweya wawo uli pakhutu panga.

"Bambo, mukunditchinga kuwala."

"Ulusiwu ukudutsa bwanji pamenepa?"

"Ukudutsa mmene umadutsira. Chokani."

"Ayi, tabwerezani pang'onopang'ono. Singano iyi ikukoka, inayi ikungogwira, eti?"

Ankayang'ana ngati atsegula injini yachilendo. Ndinawapatsa singano zonse ziwiri chifukwa chotopa nawo basi, osati nzeru. Ndinkaganiza kuti anena kuti imeneyo ndi ntchito ya amayi. Anangopukuta manja pabuluku n'kukhala pansi.

Abale inu, kuluka kwa makaniko! Ankamanga timfundo ngati akumanga mabawuti a tayala, singano mpaka kulira. Kansalu koyamba kanatuluka kolimba ngati chikopa, kokhala ndi bowo pakati loti chala n'kulowa. Anati bowolo n'lopachikira pamsomali. Koma madzulo amenewo firiji inapuma, mtengo sunatukwanidwe, ndipo ine ndinamwa tiyi wanga akadali wotentha.

Kuyambira pamenepo nyumba yathu inayamba kuvala. Zogwirira zitseko zinavala tizipewa. Limoti ya TV inalowa m'kathumba kofiira. Ketulo inapeza juzi. Miyendo ya mipando inavala timasokosi, ati isamakande pansi. Analukanso sokosi imodzi yokha, yamizeremizere ngati njoka, ya phazi lawo lozizira lija. Mwana wathu wamkazi atayimba foni ya vidiyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi, adadi akapitiriza chonchi, tsiku lina mudzadzuka atakulukirani chivundikiro!"

"Seka," ndinatero, "suli kuno iwe."

Ndinafika podziwa chibaba chikabwera. Singano zinkathamanga, bondo likunjenjemera, nsagwada italimba. Nthawi imeneyo sindinkawayankhulitsa. Pakapita kanthawi mapewa ankatsika, iwo n'kupuma mozama, n'kufunsa ngati m'nyumba muli buledi. Akakhala ndi ulusi m'manja ankapirira. Manja akangokhala opanda kanthu, maso ankapita kuchitseko, chifukwa golosale ya pakona ili pafupi, ndipo mwini wake amawadziwa mtundu wa ndudu zawo osafunsa.

Tsopano wosakhazikika ndinakhala ine. M'mawa uliwonse, iwo ali kubafa, ndinkakweza thumba lija kumva kulemera kwake. Linkapepuka. Ndinapempha zotsala kwa mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo, anandipatsa timipira tiwiri tachikasu, sitinachedwe kutha. Sitolo yogulitsa ulusi ili kutali, m'tauni, ndipo ndinkaopa kuwasiya okha theka la tsiku. Ndinkati ndipita Lolemba, mwana wathu wamwamuna akabwera kudzakhala nawo. Loweruka ndinasuzumira m'thumba, ndinaona kampira kamodzi kabuluu, kokulirapo ndithu. Ndinati kafika Lolemba.

Lamlungu masana kunabwera alamu anga, ang'ono awo a amuna anga. Munthu wabwino, koma pakamwa palibe chitseko, ndipo amasuta kuposa akulu awo. Atangolowa, fungo la fodya linalowa nawo limodzi. Ndinaona mphuno za amuna anga zikutukuka.

Alamu anayang'ana chogwirira chitseko, n'kuyang'ana ketulo, kenako akulu awo ali pampando ndi singano.

"Aaa! Achimwene! Zafika pamenepa? Ndiwauze anyamata a ku galaji kuti ayambe kupereka maoda a zipewa?"

"Uwauze," anatero amuna anga, osadzutsa mutu. "Chako ndikulukira chotseka pakamwa."

Tinaseka tonse, tinamwa tiyi. Kenako alamu anati akaone ngati galimoto anaikiya, n'kutuluka. Galimoto yake iti? Anangoima pakhonde pomwepo n'kuyatsa ndudu. Mphepo ya nyengo ino simasankha, inatenga utsi wonse n'kuulowetsa pansi pa chitseko pamodzi ndi masamba ouma.

Ndinatuluka ndi tsache m'manja.

"Alamu, mulibe manyazi? Akulu anu akufuna kudulidwa phazi, inu mukuwafukizira utsi pakhomo pawo?"

"Pepani alamu, ndimayesa panja..."

"Panja ndi kwanu. Yendani bwino, mupereke moni kunyumba."

Anapita mwamanyazi ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Koma utsi unali utalowa kale. Nditabwerera m'nyumba ndinapeza singano zikuthamanga kuposa masiku onse, bondo likugunda tebulo, makapu akulira. Sindikudziwa chimene ankaluka, ndipo ndikhulupirira nawonso sankadziwa. Chinkangotalika. Kampira kabuluu kankagubuduka pansi, kakuchepa ine ndikuona. Ndinapita kukhitchini, kubwerera. Kutsuka kapu yotsuka kale, kubwerera. Kenako kansonga ka ulusi kanakwera pabondo pawo, n'kulendewera m'mwamba.

Anapisa dzanja m'thumba la ulusi lija. Analitembenuza, kulikutumula. Munagwa fumbi ndi batani limodzi.

Anakhala kaye, manja ali pamaondo, zala zikuyenda zokha. Anadzuka, kutsegula firiji, kutseka. Kupita pawindo. Kenako anatenga jekete pamsomali.

"Mukupita kuti?"

"Ndikangowongola miyendo."

"Miyendo yake iti? Mwendo womwe umakuimitsani musanafike pageti?"

"Mayi, musandiyambe."

"Mukupita pakona."

Sanakane. Ankalimbana ndi zipi ya jekete.

"Imodzi yokha," anatero. "Imodzi. Kamakina kaja sikangadziwe za lero."

"Kamakina sikadziwa, koma mtsempha udziwa. Ndipo inu ndimakudziwani, mulibe imodzi. Mawa zidzakhala ziwiri."

"Phazi ndi langa!"

Mawu amenewo anandilasa. Zaka zonsezi ndikuchapa masokosi a phazi limenelo, lero ndi lawo okha? Ndinafuna kukalipa, koma chimene chinatuluka ndi china.

"Ndikuopa, bambo. Mwamva? Ndikuopa. Usiku ndimakhudza phazi lanulo kuti ndimve ngati likadali lamoyo. Sindikufuna kudzakuonani mukuyang'ana nsapato imodzi."

Anaima, dzanja lili pa kachipewa ka chogwirira chitseko. Sanatembenuke, komanso sanachisiye.

"Simukudziwa mmene chibaba chimagwirira," anatero motsitsa mawu. "Manja angawa ndiwaike pati?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Makatani, nsalu ya patebulo, palibe cholukidwa choti n'kupereka ulusi wokwanira. Kenako ndinadziyang'ana ndekha. Ndinali nditavala juzi yanga yobiriwira, yopitira kokayenda, yomaliza imene ndinadzilukira maso asanayambe kuvuta. Inanditengera nyengo yozizira yathunthu, ndipo ina ngati imeneyo sindidzalukanso. Mikono yake ndinailuka kuchokera paphewa kutsika, choncho pomalizira pake panali pamkono penipeni, pamene pamakhala wotchi.

Ndinatenga sizasi m'dirowa, kufufuza kamfundo kotsekera, n'kudula. Nditakoka, ulusi unayamba kutuluka wopotanapotana, ukuzungulira dzanja langa.

"Mayi, mukuchita chiyani? Imeneyo ndi juzi yanu yabwino!"

"Ndikuidziwa, ndinaluka ndine."

Ndinatola choluka chawo pampando, n'kumanga nsonga yobiriwira ku nsonga yabuluu. Kenako ndinakhala pansi n'kuwatambasulira singano.

"Bwerani. Mukafuna kupita pakona, mupite nazo singanozi, mundikoke ngati mbuzi msewu wonse, anthu aone."

Anachotsa dzanja pachitseko. Kenako anabwera akutsimphina, jekete lili m'thupi, n'kukhala pafupi nane. Mzere woyamba analuka molakwitsa, timfundo tikuthawa. Wachiwiri unayenda. Akakoka, dzanja langa linkagwedezeka, ulusi n'kumasuka kuzungulira mkono. Kunja kunayamba kuwaza mvula, masamba onyowa akumatirira pawindo, ndipo palibe anadzuka kukayatsa hita yotenthetsera m'nyumba. Juzi inachoka pa wotchi, n'kumakwera, khungu langa likuchita tsembwe ndi kuzizira.

"Mukuzizidwa," anatero.

"Lukani."

Itafika pachigongono, singano zinayamba kuyenda pang'onopang'ono. Bondo linasiya kugunda tebulo. Mapewa anatsika, anapuma mozama, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anati ndi ulusi wawalowa m'diso. Ndinawasiya aname.

"Chadutsa," anatero.

"Chibweranso?"

Anayang'ana mkono wanga wosavalawo, n'kuugwira ndi dzanja lawo lokhakhala kuti aufunditse.

"Chibwera. Mwina kusanade n'komwe."

"Chibwere," ndinatero. "Mkono winawu ulipo."