Chitsulo Chimene Fanwell Anasula Osafunsa

Chiberekere mwana wakufa uja, Ebelesi wa ku Zemba sanaumenso. Mkodzo unkangodontha wokha, ndipo kutchalitchi ankakhala panja, pansi pa zenera, kuopa kununkhitsa anzake. Zaka ziwiri zinatha choncho, manyazi akumupweteka kuposa zilonda.

Kuchipatala cha mishoni dokotala atamuyeza anapukusa mutu. Chibowo chinali panjira ya mkodzo, kuseri kwa fupa, ndipo chitsulo chake chotsegulira chinali chachikulu, chowongoka. Akanasoka bwanji pamalo posaoneka? China choyenera chikanachokera kutsidya kwa nyanja, mwina chaka chamawa, mwina ayi.

"Amuna anu si aja amasula makasu?" anafunsa namwino Theresa.

Ebelesi anavomera, koma anagwa mphwayi. Mwamuna wakeyo, Fanwell, anali mkamwini waulemu wopitirira, woti akaona apongozi panjira ankalowa m'tchire ngakhale muli chitedze. Ndani akanamufotokozera munthu wotere kukula ndi kupindika kwa chitsulo cholowa m'thupi la mkazi? Ngakhale Theresa yemwe, wa pakamwa posatopa, sakanatha.

Amayi a Ebelesi, oumba miphika, ndiwo anadula mlandu. Anakhala ndi Theresa kuseri kwa chipatala, dongo m'manja, akuumba chifanizo cha chitsulocho, Theresa akuti chepetsani apa, pindani apo. Litauma anakalisiya pamwala wosulira, iwo n'kuchokapo osatsokomola n'komwe.

Fanwell sanafunse kanthu. Anapinda mkuwa motsata dongolo, kenaka masiku atatu akuukwecha ndi mchenga ndi phulusa, akuuyesa pamlomo pake kuti pasatsale pokala. Ebelesi ankamuyang'ana chapatali, misozi ili lengelenge.

Dokotala anachiwiritsa chitsulocho, Theresa anachigwira osagwedeza dzanja, ndipo chibowo chinaoneka, dokotala n'kuchisoka.

Patatha milungu isanu Ebelesi analowa m'tchalitchi n'kukhala pakati penipeni pa azimayi anzake. Nyimbo yomaliza itayamba anaimirira ndi mantha, nayang'ana pamphasa. Panali pouma. Anaimba mpaka mawu kusasa, akuthokoza Mulungu ndi manja onse amene anamugwira.

Pobwerera anaona amayi ake akupatukira kosulira. Fanwell anadzambatuka kuti athawe monga mwa masiku onse, koma iwo anagwada poyera, pafumbi, akuwomba m'manja.

"Musathawe lero, atate. Mwandibwezera mwana wanga."

Fanwell anaima mutu uli pansi, ndipo sanathawe.